Kodi siteshoni ya sitima ya pa Chiromo idatha bwanji?

Mdzukulu wa ku East Bank:
Akuluakulu, ndikupempha amene akuidziwa bwino mbiri ya njanji ya m'chigwa cha Shire kuti andithandize. Agogo anga amasimba kuti pa Chiromo padali siteshoni yodzaza anthu, pomwe ankakwerera sitima yopita ku Limbe ngakhalenso ku Beira, koma lero pamalopo pali zii. Kodi siteshoniyi idayamba liti, nanga chidaletsa sitima kufikapo n'chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza:
Mwanawe, Chiromo idatchuka njanji isanabwere, chifukwa pamene Ruo amathira mu Shire padali doko la sitima zapamadzi zochokera ku Chinde m'dziko la Mozambique, ndipo atsamunda adaikapo ofesi ya kasitomu. Kampani ya Shire Highlands Railway poyamba inkafuna kuti njanji yokwera ku Blantyre iyambire pomwepo, koma madzi a mu Shire adayamba kuchepa kotero kuti sitima zinkalephera kufika padokopo miyezi yambiri pachaka, ndiye adakakamizika kuyambira kumunsi, ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Njanjiyo idawoloka Shire pa mlatho wa pa Chiromo, n'kutsata Ruo kudzera ku Sankhulani, Thekerani ndi Sandama, mpaka idafika ku Blantyre mu 1908. Ulendo wa ku Beira umene agogo anu akunena udatheka popanda kutsika m'chaka cha 1935, atatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi. Kale apaulendo ankawoloka mtsinjewo pa chombo, n'kukakwera sitima ina kutsidya.

Wamalonda wa ku Bangula:
Aphunzitsi afotokoza bwino chiyambi, ine ndinene za mathero. Mu 1997 madzi osefukira adakokolola mtumbira womwe unkanyamula njanji pamodzi ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula, ndipo kuyambira pamenepo sitima ya anthu yochokera ku Limbe inkabwerera pa Makhanga. Ife tidatsala ndi mabwato a pa Mtayamoyo, omwe amawolotsa anthu, njinga ndi matumba a chimanga pa mtengo umene eni mabwatowo afuna.

Mayi wa ku Thekerani:
Bambo a ku Bangula, pepani, koma sindikuvomereza kuti madzi okha ndiwo adapha siteshoniyo. Mu 1970 boma lidatsegula njanji ya Nkaya kupita ku Nayuchi yolumikiza dziko lino ndi doko la Nacala, ndipo m'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique idatsekeratu njira ya ku Beira, mlatho wa Dona Ana n'kuwonongedwa. Pofika 1997 njanji yakumwerayi idali yongothera m'malire, yopanda katundu wakunja wobweretsa ndalama, n'chifukwa chake malo okokolokawo sadathamangiridwe kukonzedwa. Ngakhale Malawi Railways itaperekedwa m'manja mwa Central East African Railways mu 1999, maso onse adali ku Nacala. Amene tidavutika kwambiri ndife alimi a nthochi, popeza kwathu kuno sitima ndiyo idali njira yodalirika yopititsira zokolola ku Limbe, ndipo madzi a mu Januwale 2015 adawononganso chigawo cha ku Makhanga chomwe chidatsala.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza:
Mayi mwanena zoona. Ndiwonjezere kuti ntchito yomanganso njanji imene boma lidayamba ndi ya Marka mpaka Bangula, kutsidya la kumadzulo kwa Shire, choncho sitima yochokera kumeneko singaimenso pa Chiromo pokhapokha atamanga powolokera patsopano pamalo okokolokawo.