Anandpur Sahib: amene munafikako ndithandizeni maganizo

Mwana_wa_ku_Ntcheu

Moni nonse abale. Ine ndili pa sukulu kuno ku Punjab kufupi ndi Chandigarh, chaka chachiwiri tsopano. Nde pali mnzanga wa m'kalasi, Msikh, wandiitana kuti mu Malichi tipitire limodzi ku Anandpur Sahib kukaona chikondwerero chawo cha Hola Mohalla, kwawo ndi mudzi wina chakomweko ndiye akuti tikagona kwa makolo ake. Mtima ukufuna ndithu chifukwa mnyamatayu wandithandiza zambiri chibwerereni kuno, koma ndili ndi mafunso oti iyeyo sindingamufunse, ndikuopa angaone ngati ndikunyoza chipembedzo chawo. Kodi munthu woti si Msikh amamulola kulowa mpaka mkati? Nanga ndikalowa sakandikakamiza kugwada? Chachikulu ndi chakudya. Ine ndinakulira mu mpingo, mayi nditawauza pa foni anangoti mwanawe usakadye zoperekedwa kwa mafano, mawu amenewo akundivutitsa mpaka pano. Ndiuzeni chilungamo chake.

Nachisale_Mohali

Achimwene pitani, musautaye mwayi umenewo. Ine ndafikako kawiri ndipo palibe anandifunsa za mpingo wanga olo kamodzi. Basi timakwerera pa depoti ya Sector 43 ku Chandigarh, ndi makilomita ngati 80 kudzera ku Ropar, maola awiri mwafika, sitima yopita ku Nangal ndi Una nayo imaima pa siteshoni ya Anandpur Sahib pomwepo. Tauni yake ndi yaing'ono, ili m'tsinde mwa mapiri a Shivalik kufupi ndi mtsinje wa Sutlej, ndipo gurdwara (kachisi wa Asikh) wamkuluyo, Takht Sri Kesgarh Sahib, ali pa chitunda, woyera mbee, mumamuonera patali.

Malamulo ake si ovuta. Nsapato ndi masokosi mumasiya pa malo osungira, amakupatsani kachitsulo ka nambala, osalipira. Pamenepo pokha ine panandikhudza, ndinaona abambo achikulire ndevu zoyera, ovala bwino ndithu, atakhala pansi akupukuta nsapato za anthu osawadziwa, akuti ndi seva, kutumikira. Kenako musamba m'manja, mupondamo m'madzi osaya amene ali polowera, ndipo kumutu muyenera kufunda, amuna omwe. Tengani mpango wanu, mukaiwala pakhomo pamakhala tinsalu tambiri. Kabudula ayi. Fodya ndi mowa ndiye musayerekeze olo kungosunga m'thumba, fodya kwa iwo ndi chonyansa kwambiri.

Mkatimo mulibe fano lililonse, izi muwauze mayi. Iwo amakhulupirira Mulungu mmodzi wopanda chifaniziro. Chimene chili kutsogolo ndi buku lawo loyera, Guru Granth Sahib, lili pa kampando kofundika nsalu zokongola, wina akukupiza pamwamba pake ndi litchowa, ena akuimba ndi harmonium ndi ting'oma. Asikh amagwada n'kugunditsa chipumi pansi chifukwa bukulo amalitenga ngati Guru (mphunzitsi wauzimu) wamoyo. Ine sindinagwade, ndinangoima pang'ono mwaulemu kenako ndinakakhala pansi pa kapeti, palibe anandiyang'ana moipa. Chongosamala musatambasule miyendo kuloza kumene kuli bukulo.

Langar, kumene aliyense amadyera, ndiye musaphonye. Ndi holo yaikulu, nonse mumakhala pansi m'mizere pa timikeka, wolemera wosauka chimodzimodzi, mbale yachitsulo patsogolo. Anyamata amadutsa ndi ndowa za dal (ndiwo za mtundu wa nyemba), ndiwo zamasamba, mpunga, nthawi zina kheer uja wa mkaka, nyama kulibe. Roti, chapati yawo, mumalandira ndi manja awiri mutatambasula zikhato, ine ndinakweza dzanja limodzi poyamba ndiye mayi wina pambali panga anandigwira mkono mwachikondi n'kundionetsa. Mukamaliza mumanyamula mbale nokha kupita kotsukira, ndipo mukafuna kuthandiza kutsuka kapena kusenda anyezi amakulandirani bwinobwino.

Agogo_a_Takondwa

Mwana wanga, a Nachisale anena zoona. Ine ndinafikako nthawi imene ndinaperekeza mng'ono wanga kuchipatala kumeneko, atayamba kupeza bwino tinapita tsiku limodzi. Ndikuonjezereni mbiri, chifukwa mukapita osaidziwa mungoona nyumba zoyera basi.

Tauniyo anaiyambitsa ndi Guru Tegh Bahadur, Guru wachisanu ndi chinayi, mu 1665, poyamba ikutchedwa Chakk Nanaki potengera dzina la amayi ake. Mu 1675 anamudula mutu ku Delhi mu ulamuliro wa mfumu Aurangzeb, atakana kusiya chikhulupiriro chake komanso ataimira Ahindu a ku Kashmir amene ankakakamizidwa kusintha chipembedzo. Taganizani, kufera ufulu wa anthu oti sapembedza ngati iwe. Munthu wina dzina lake Bhai Jaita anatenga mutuwo mobisa n'kuyenda nawo kuchokera ku Delhi mpaka ku Anandpur kukaupereka kwa mwana wake, amene anali ndi zaka 9 zokha. Pamene anauwotchera pali gurdwara wotchedwa Sis Ganj Sahib, mumayenda wapansi kuchokera pa Kesgarh, ndi malo aziii, ine ndinakhalapo nthawi yaitali.

Mwana uja ndi amene anadzakhala Guru Gobind Singh. Mu 1699 pa tsiku la chikondwerero cha Vaisakhi anaitanitsa khamu pa chitunda cha Kesgarh, anatuluka ndi lupanga n'kufunsa kuti ndani angapereke mutu wake. Anaimirira anthu asanu mmodzimmodzi, Daya, Dharam, Himmat, Mohkam ndi Sahib, ochokera zigawo zosiyana ndiponso magulu a kubadwa osiyana, ena mwa iwo a magulu onyozeka. Anawamwetsa madzi a shuga otakasa ndi lupanga lakuthwa konsekonse m'mbale imodzi yachitsulo, n'kuwapatsa dzina loti Singh. Kenako iye mwini anawapempha asanuwo kuti naye amumwetse. Ndiko kubadwa kwa Khalsa, gulu la Asikh obatizidwa, kumeneko, ndipo tsitsi losameta, chipeso, chibangili chachitsulo, kabudula wamkati ndi kampeni kamene mnzanuyo mwina amavala zinachokera pamenepo. N'chifukwa chake Kesgarh ndi umodzi mwa mipando isanu ya ulamuliro wa chipembedzo chawo, ina ili ku Amritsar, Talwandi Sabo, Patna ndi Nanded. Zida zina za Guru Gobind Singh amasungira momwemo ndipo amazionetsa kwa anthu.

Pa nkhani yoti mlendo amamulandira bwanji, mumufunse mnzanuyo za Bhai Kanhaiya. Adani atazinga Anandpur mu 1704, iyeyu ankayenda ndi thumba la chikopa kumwetsa madzi ovulala a mbali zonse. Anzake anakamuneneza kwa Guru, iye anayankha kuti saona mdani, mwa aliyense akuona Mulungu, ndipo Guru anamupatsanso mankhwala kuti azipaka mabala awo. Mtima umenewo mukaupeza ku langar.

Mukapeza mpata mukaone linga la Anandgarh, muli chitsime chakuya chotsika ndi masitepe ambiri, komanso nyumba ya mbiri ya Virasat-e-Khalsa imene anatsegula mu 2011, koma Lolemba amatseka. Paja ifenso a Malawi Asikh si alendo kwa ife, asilikali oyamba amene Harry Johnston anabwera nawo mu 1891 kudzalimbana ndi ogulitsa akapolo cha kumwera kwa nyanja, ambiri anali Asikh ochokera ku India.

Chiso_Jalandhar

Aise ine sindikutsutsa zopita koma pali ziwiri zoti ndikuuze mosabisa.

Choyamba nkhawa ya mayi ako usaitenge mopepuka. Zoona mafano kulibe, koma potuluka amagawa karah parshad, phala louma lotsekemera la ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta a ghee, ndipo limenelo amalipempherera kaye n'kulikhudza ndi kirpan, kampeni kaja, asanagawe, kwa iwo ndi chopatulika. Langar nayonso amaipempherera. Nde zili kwa iwe ndi chikumbumtima chako, pali anzathu amadya opanda vuto amati ndi chakudya cha mwini nyumba, ine langar ndimadya koma parshad sinditenga. Ngati sukufuna ingolumikiza manja pachifuwa n'kudutsa, amamva. Choipa ndi kulandira kenako kukataya panja, chimenecho ndiye chipongwe chenicheni ndipo chingamupweteke mnzako.

Chachiwiri Hola Mohalla si masewera. Imachitika nthawi ya Holi, chikondwerero cha Ahindu chowazana utoto, anaiyambitsa ndi Guru Gobind Singh yemweyo kuti anthu ake aziyeserera nkhondo, ndipo mpaka pano a Nihang, gulu la ankhondo a Chisikh, amabwera atavala zabuluu, nduwira zitalizitali zomangamo zitsulo, mikondo m'manja, ena kuthamangitsa mahatchi awiri ataimirira phazi uku phazi uku, ena gatka ya malupanga. Kukongola ndiye n'kokongola sindinama, koma anthu amakhala osayamba, midzi yathunthu imabwera pa mathirakitala okoka ngolo momwe amagonamo, fumbi, masipika, utoto akuwazana. Ife basi inatisiya kutali tinayenda wapansi nthawi yaitali, netiweki inafa, ndinasiyana ndi anzanga kwa maola atatu ndipo pabwalo la mahatchi anthu atakankhana ndinagwa n'kusupuka bondo. Usaime kutsogolo pamenepo. Ndiye poti ndiwe wakuda konzekera ma selfie, ena amapempha ena amangokukoka, amatopetsa ngakhale ambiri sakhala ndi cholinga choipa. Chabwino chake njala sungaione, msewu wonse ndi langar, amachita kuimitsa magalimoto kukuchondererani kuti mumwe tiyi ndi pakora.

Langizo langa, yamba wapita Loweruka wamba mwezi uno, ukaone Kesgarh ndi Sis Ganj modekha, uzolowere zochitika, kenako mu Malichi ukabwerere ukudziwa kale njira. Ndipo pasipoti ndi mapepala a sukulu uzikhala nazo m'kachikwama kamkati.

Mwana_wa_ku_Ntcheu

Zikomo kwambiri nonse, agogo nkhani ya mutu uja ndaiwerenga kawiri. Dzulo ndinalimba mtima ndinamufunsa mnzanga uja za kugwada ndi parshad, sanakhumudwe olo pang'ono, anangoti palibe amene akakuwerengere zimenezo, bola ufunde kumutu ndipo udye ukhute. Tapangana kuti tipite Loweruka likubwerali ngati mmene wanenera Chiso, basi ya m'mawa. Mayi ndiwaimbira Lamlungu akaweruka ku tchalitchi ndiwafotokozere bwinobwino. Chatsala ndi kwa makolo ake, ndiwatengere chiyani? Sindingafike chimanjamanja.

Nachisale_Mohali

Gulani bokosi la mithai, zotsekemera zawo zija, pa shopu yabwino, ndi mwambo wawo umenewo. Ngati mwatsala ndi tiyi wa ku Thyolo kapena chitenje chatsopano muonjezere cha amayi ake, akakondwa kwambiri. Pofika mulumikize manja munene kuti Sat Sri Akal, amayi ake muwatchule aunty ji, abambo uncle ji. Juzi musaiwale, m'mawa kumazizirabe kumapiriko.