Hellcat ndi Camaro pa track: mahatchi okha akukwanira?

Makaniki_Ndirande:
Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo tinakangana ku galaja mpaka nsima inazizira. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito akuti Dodge Challenger Hellcat ya 707 hp (mahatchi, muyeso wa mphamvu ya injini) ingaisiye Camaro ZL1 1LE kulikonse, poti Camaroyo ili ndi 650 basi. Ine ndinakana, koma mfundo zinandithera m'kamwa. Galimoto zimenezi sindinazikhudzepo ndi sipanala, ife kuno timagona pansi pa ma Sienta ndi ma Probox. Akunena zoona ndani?

AChisale_Chilomoni:
Achimwene, mnyamatayo wangowerenga nambala imodzi. Mufunseni kulemera kwake. Hellcat imapitirira matani awiri, pomwe ZL1 1LE ili cha m'ma 1,730 kg. Ndiye kuti Hellcat imayenda itasenza matumba asanu a chimanga ndi kupitirira, ndipo katundu ameneyo amafuna kupita mowongoka pamene inu mukufuna kukhota. Matayala akutsogolo amalira, mabuleki amatentha msanga.

Koma chitsanzo chimene chimandisangalatsa ine ndi cha m'banja limodzi. Ku Nürburgring ku Germany, msewu wa makilomita oposa 20 wodzaza makona, Camaro Z/28 ya 2014 ya 505 hp inazungulira mu 7:37 (mphindi 7 ndi masekondi 37). ZL1 ya nthawi imeneyo, ya 580 hp, inatenga 7:41. Mahatchi 75 ochepa, koma yafika kale. Z/28 imeneyi anaipepuza, anaipatsa matayala otambalala, mabuleki a carbon ceramic ndi ma shock a Multimatic. Mu 2017 ZL1 1LE ija inachita 7:16 pamsewu womwewo.

Dalaiva265:
Mwaiponda kwambiri Dodge, mkulu. Siinapangidwire makona. Ikani pa drag strip, kota ya mailosi yowongoka, muone. Dodge Challenger Demon ya 2018 inkatulutsa 840 hp ndi mafuta a mpikisano, mpaka matayala akutsogolo kunyamuka. Aliyense ndi bwalo lake.

MayiPhiri_Limbe:
Za ku America sindizidziwa, koma za makona ndinaphunzira pa Thabwa. Tikutsetsereka kupita ku Chikwawa pa pikiyapu ya mlamu wanga, injini yaikulu, iye akunyadira njira yonse kuchokera mu tauni. Titadutsa makona angapo, fungo la mabuleki linadzaza m'galimoto, pedulo ikulowa ngati waponda phala. Tinaima m'mbali utsi ukutuluka ku matayala, ka Vitz kamene tinakapitirira pa Milare kakutidutsa mwaulemu. Mlamu sanayankhulenso mpaka pa mlatho wa Shire.

Makaniki_Ndirande:
Zikomo nonse. AChisale, ya Z/28 ija ndamuwerengera mnyamatayu, akuti nambalazo akufuna akazione yekha pa YouTube. Ndamuuza kuti data agule yake, ndipo ayambe wamaliza kusintha ma brake pad a Probox ili panjayi, mwini wake akubwera 3 koloko.