Land Cruiser HJ60 yamira m'madzi osefukira, ndiyambire pati?

Mwini funso:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Land Cruiser HJ60 ya 1986, injini ya 2H ya dizilo, magiya asanu, mabatire awiri. Inali itaima pakhomo ku Chikwawa pamene Shire anasefukira. Madzi anafika pachiwongolero ndipo inakhala momwemo masiku awiri, injini ili yozima. Lero ndi tsiku lachinayi chiphwereni madzi. Ndasolola dipisitiki, oilo wakwera kupitirira chizindikiro, mtundu wake ngati tiyi wamkaka. M'kati muli thope lofika mu akakolo. Anyamata kuno akuti tiikoke ndi thirakitala ilire, madziwo atuluka okha ku ekizozi. Sindikufuna ithere ku sikirapu. Ndiyambe chiyani, ndigule zotani?

Makaniko wa dizilo:
Achimwene, thirakitalayo ibwerere kumunda. Musaikoke ili m'giya, musakhudze kiyi, chotsani mabatire onse awiri lero lomwe.

2H ndi ya 3,980cc, masilinda 6, ndiye silinda iliyonse ndi 663cc. Imapanikiza mpweya ka 20 ndi kupitirira pang'ono, choncho pisitoni ikafika pamwamba malo otsala ndi ongokwana masupuni awiri aakulu. Madzi sapanikizika. Akaposa pamenepo, chopindika ndi konirodi (ndodo yolumikiza pisitoni ndi crankshaft), apo ayi pisitoni ing'ambike. Injini ikaima pamakhala mavavu ena otsegula, ndiye madzi ofika pachiwongolero alowa ndithu, kaya kudzera ku air cleaner kaya ku ekizozi.

Yambani ndi kutsuka injini kunja, makamaka mozungulira ma heater plug (timapulagi totenthetsa m'masilinda poliza), kuti mchenga usagwere m'kati pomasula. Masulani boti ya sampu (chibeseni cha oilo pansi pa injini) pang'onopang'ono: madzi ndi olemera, ndiwo ayambe kutuluka, oilo pambuyo. Yezani madziwo m'chigubu mudziwe kuchuluka kwake. Chotsani air cleaner ndi paipi yake, fyuluta ya mpweya tayani. Kenako masulani ma heater plug onse 6 ndi kuzunguza injini ndi dzanja, sipanala pa nati ya pule ya crankshaft, maulendo awiri athunthu. Onetsetsani mabowo amene akulavula madzi, mulembe manambala ake.

Ikakana kuzungulira musawonjezere paipi pa sipanala. Ndiye kuti maring'i agwirana ndi khoma la silinda. Thirani m'bowo lililonse masupuni awiri a dizilo wosakaniza ndi ATF (oilo wa giyabokosi ya otomatiki), igone usiku, mawa muzigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono mpaka itamasuka. Izi ndi za sabata ino, osati mwezi wamawa. Pamene inali pansi pa madzi dzimbiri limayenda pang'ono. Tsopano mpweya walowa, likuthamanga.

Wina wa pa gulu:
Angothira parafini mu sampu, ailize mphindi zisanu, akhuthule. Imayera mbee.

Makaniko wa dizilo:
Ayi bwana. Parafini ndi wotsukira zitsulo zili phee. Mukaliza injini ndi parafini, mabering'i a crankshaft akhala akukhulana opanda chowateteza, pamwamba pake muli mchenga.

Wokonza mainjini akale:
Zomwe anena amakanikowa ndi zoona, koma kukhuthula kokha sikukwana. Madzi a Shire akasefukira amakhala ndi dothi losalala ngati ufa. Limadikha pansi pa sampu n'kuuma ngati chikhakha cha nsima, ndipo pa boti silituluka. Mukathira oilo watsopano n'kuliza, pampu ya oilo ndiyo ilitola n'kuligawa ku mabering'i onse. Tsitsani sampu. Tsukani iyo pamodzi ndi sefa ya pampu, ndipo poti pansi pali potsegula, unikani ndi tochi makoma a masilinda ndi ma cam. Vundukulani rocker cover, pukutani, thirani oilo pa ma rocker kuti atsikire pansi. Gasiketi ya sampu gulani yatsopano.

Oilo muwerengere kusintha katatu. Injiniyi imamwa pafupifupi malita 10 ndi fyuluta yomwe, ndiye ndi malita 30 a 15W-40 wa dizilo ndi mafyuluta atatu. Woyamba akhale wotchipa, ntchito yake ndi ya mphindi 15 basi, mukhuthule akadali wotentha. Wachiwiri ayende ola lathunthu injini itatentha bwino kuti chinyezi chituluke. Wachitatu musinthe pa makilomita 500. Akatulukabe wotuwa, onjezerani ulendo wina. Oilo ndi wotchipa kuposa kugaya crankshaft.

Chabwino cha 2H n'chakuti ilibe timing belt, ndi magiya okhaokha osambira mu oilo. Rediyeta nayo ndi yotseka, madzi akunja salowa wamba, koma thope limamata timipata ta kunja. Tsukani kuchokera kumbali ya injini kupita kutsogolo ndi madzi osathamanga kwambiri, timapepala take timapindika msanga.

Musanabwezere ma heater plug, pukusani ndi sitata masekondi 10 katatu, mafuta atatsekedwa, kansalu pamwamba pa mabowo. Dizilo ndi ATF munathira uja akatsala m'silinda amapinda konirodi chimodzimodzi ndi madzi.

Wa mapampu ndi manozo:
Mbali ya mafuta musaipeputse, ndi kumene kuli ndalama zambiri. Thanki ndi ya malita 90. Khuthulani yonse, ndipo ngati mwatuluka thope itsitseni itsukidwe, iume padzuwa. Dizilo ameneyo asabwererenso m'galimoto, musungeni wotsukira zitsulo. Pemererani mapaipi ndi kompuresa mutawamasula mbali zonse, khuthulani sedimenter (kachikho kolekanitsa madzi ndi dizilo), sinthani fyuluta. Poliza koyamba musadalire thanki: ikani paipi m'chigubu cha malita 5 cha dizilo woyera, popani ndi kapampu kamanja kali pambali pa injector pump, boti yotulutsira mpweya ili yomasula, mpaka dizilo atuluke wopanda thovu. Tungani woyambayo m'botolo loonekera, mulisiye mphindi 10. Mukaona madzi pansi, pampu ichoke ipite kwa anthu okhala ndi makina oyezera. Ma plunger m'kati mwake amalowana ndendende, kadzimbiri kochepa kamawakanda ndipo sakonzeka, amangosinthidwa.

Chimene ambiri amaiwala pa 2H ya giya yamanja ndi gavana, kachipangizo ka pa pampu kolamulira liwiro la injini. Imayendera mpweya: pali timapaipi tiwiri tochokera pakhosi la manifold (njira yolowetsa mpweya mu injini) kupita kumbuyo kwa pampu, ndipo m'menemo muli diaphragm yachikopa. Madzi akalowa ku manifold amatsika ndi timapaipito. Masulani chivundikirocho, umitsani, yang'anani chikopacho. Chikauma gwa kapena kung'ambika, kapena mukaiwala kubwezera kapaipi, injini ikangolira imakwera mphamvu yokha osamvera phazi. N'chifukwa chake poliza koyamba munthu mmodzi aime ndi thabwa losalala lotsekera pakamwa pa manifold. Thabwa, osati chikhatho, osatinso nsanza, imameza.

Wa magetsi a galimoto:
Mabatire awiri sizitanthauza 24V nthawi zonse. Onani kalumikizidwe kake komanso zolembedwa pa alternator ndi pa ma heater plug musanagule kanthu, chifukwa ma HJ60 anatuluka a 12V ndi a 24V malinga ndi dziko lomwe ankapita.

Sitata ndi alternator zichoke, zimasulidwe, zitsukidwe ndi madzi oyera. Musaope madzi oyerawo, choopsa ndi thope lomwe limasunga chinyezi. Ziume padzuwa masiku awiri, mabering'i a alternator asinthidwe, ma brush ayende momasuka. Kumbuyo kwa alternator kuli vacuum pump ya mabuleki yomwe imalandira oilo wa injini, nayo itsukidwe.

Kenako EDIC, kamota kaja kokhala ndi ndodo yopita ku pampu. Ndiko kamatsegula mafuta poliza ndi kuwatseka pozimitsa, ndipo kamazimitsanso injini oilo akapanda mphamvu. Kakalowa madzi, galimoto imakana kulira kapena imakana kuzima. Tsegulani, pukutani, pakani girizi watsopano pang'ono. Relay yake ili m'kati mwa galimoto, ndiye yamira nayo. Ngati muliza musanakonze, vulani ndodoyo muzikankha chogwirira cha pampu ndi dzanja, koma pamenepo mangani geji yamakina ya oilo, poti chitetezo chija mwachichotsa.

Mapulagi onse a mawaya atsegulidwe limodzilimodzi, madzi oyera, sipiriti, kuumitsa, kenako girizi wa magetsi. Bokosi la mafyuzi, ma relay, timer ya ma heater, mawotchi a pa dashibodi, swichi ya kiyi, malo onse a earth apalidwe. Pobwezera batire koyamba ikani babu pakati pa mutu wa negative ndi waya wake. Likawala kwambiri zonse zili zozima, pali shoti penapake. Bwino liwale babu kusiyana ndi kupsa harness (mtolo wa mawaya onse) yomwe simungaipezenso yatsopano.

Wa zapansi pa galimoto:
Difu iliyonse ili ndi kopumira pamwamba, giyabokosi ndi transfer chimodzimodzi. Madzi ofika pachiwongolero anapita pamwamba pa tonseto. Khuthulani zinayi zonse. Malita 15 a 80W-90 akwana ulendo umodzi n'kutsalako pang'ono. Yendani makilomita ochepa, musinthenso. Masulani boti yothirira musanamasule yokhuthulira, kuopa kukhuthula kenako n'kupeza yapamwamba yakana.

Ntchito yaikulu ili kutsogolo. M'maondo a axle muli ma Birfield (majointi opereka mphamvu ku matayala akutsogolo) osambira m'girizi, ndipo chowatchinga ndi felt ndi labala basi. Thope likalowa, girizi amasanduka phala lopalira zitsulo. Gulani kiti yonse ya knuckle: ma seal a m'kati, ma wiper, magasiketi, ndi mabering'i a pamwamba ndi pansi ngati ali ndi mabala. Mufunika soketi ya 54mm. M'maondo ndi mu Birfield mumalowa girizi wakuda wa moly, pa mabering'i a matayala girizi wake wa mabering'i. Ma shim a mbali iliyonse musawasokoneze, amangeni ndi kawaya m'mene munawachotsera. Ma free wheel hub atsukidwe, girizi pang'ono chabe, akachuluka sagwira.

Mabuleki: vulani madiramu akumbuyo, mupeza thope lodzaza. Vundukulani labala wa ma wheel cylinder, mukaona dzimbiri sinthani. Mafuta a mabuleki amayamwa madzi, ndiye atuluke onse, thirani DOT 3 watsopano, ku kilachi nakonso. Mapisitoni a ma caliper ayesedwe ngati akubwerera. Kilachi imakonda kumatirira ku flywheel, ndipo release bearing ndi pilot bearing zikamwa thope zimalira pakangopita masabata. Ngati thumba likulola, tsitsani giyabokosi kamodzi muthane nazo. Popani girizi pa ma nipple onse a propshaft mpaka woyera atuluke, kupatula pa slip joint pomwe mumapopa pang'ono.

Wowotcherera:
Injini imakonzeka, chimapha ma Land Cruiser a mtundu uwu ndi dzimbiri. Chasisi yake mbali yaikulu ndi yabokosi, thope ladzaza m'kati ndipo likhala lonyowa mpaka chilimwe. Kwezani kutsogolo, lowetsani hozi m'mabowo, madzi ayende mpaka otuluka kumbuyo akhale oyera, kenako kwezani kumbuyo mubwereze. Samalani pamene pagwira masipuling'i akumbuyo, m'mphepete mwa matayala akumbuyo, pansi pa zitseko ndi chitseko chakumbuyo. Tsegulani timabowo totulutsira madzi ndi kawaya. Oilo kapena phula m'chasisi zilowe pataumiratu. Mukathira pathope mwangotsekera chinyezi m'kati.

Mipando, kapeti, makadibodi a zitseko, zonse panja. Chiguduli cha pansi pa kapeti tayani, sichiuma. Kumbukiraninso kuti madzi osefukira adutsa m'zimbudzi ndi m'makola, ndiye valani magolovesi ndi majombo. Kolorini ndi wa pa mipando ndi mapulasitiki, mutsukuluze bwino. Pachitsulo amayambitsa dzimbiri, pamenepo sopo ndi madzi zikwana.

Mwini funso:
Zikomo akuluakulu. Mu sampu mwatuluka madzi malita 6. Masilinda 3 ndi 6 alavula madzi. Itagona ndi ATF yayamba kuzungulira, koma pali malo amodzi pomwe imalimba. Ndamvanso kuti tsiku loyamba wina pakhomo anatembenuza kiyi kamodzi, sitata inangoti gu n'kusiya.

Makaniko wa dizilo:
"Gu" ameneyo wasintha nkhani, achimwene. Mwina sitata yonyowayo inalephera yokha, mwinanso pisitoni inagunda madzi. Kulimba kwa malo amodzi kungakhale mzere wa dzimbiri pomwe maring'i anaima, kapena konirodi yopindika. Sampu ikadali pansi, unikani makonirodi a 3 ndi 6, muone ngati siketi ya pisitoni ikukhula pa crankshaft ikafika pansi. Kupindika kochepa diso siligwira, ndiye poti kulimbako kulipo, ine ndinganene kuti hedi ichoke. Ikani dial gauge, yezani pomwe pisitoni iliyonse ikufika pamwamba poyerekeza ndi nkhope ya block. Zonse 6 zifanane. Yotsalira pansi ndiye yapindika konirodi, isinthidwe, osati kuwongola. Pomwepo muona makoma a 3 ndi 6. Dzimbiri longodetsa limachoka ndi honing (kupala khoma la silinda pang'ono) ndi maring'i atsopano. Ngati chikhadabo chikukodwa m'timaenje, block ipite ku makina.

Wokonza mainjini akale:
Onjezani gasiketi ya hedi pa zogula, ndipo hedi ili pansi yang'anani ming'alu pa ma precombustion chamber (timazipinda ta m'hedi momwe dizilo amayambira kuyaka) ndi dzimbiri pomwe pamakhala mavavu a 3 ndi 6. Mukamanga, yezani compression injini itatentha: isatsike pa 20 kg/cm², ndipo masilinda asasiyane kupitirira 2. Jambulani makoma a masilinda awiriwo pafupi, pisitoni ili pansi, mutiponyere tione ngati honing ikwana.