Mchimwene wanga anagundidwa ndi minibasi, tiyambire pati?

Nachisale wa ku Bangwe
Abale ndithandizeni maganizo. Achimwene anga anagundidwa ndi minibasi mwezi wa Febuluwale akuchokera ku ntchito, mwendo unathyoka pawiri ndipo mpaka pano akuyendera ndodo. Ndi kalipentala ndiye ntchito inaima, ana atatu akungodalira mlamu wanga. Mwini minibasi anabwera kamodzi kuchipatala nkusiya ndalama ya thilansipoti, kuyambira pamenepo foni sakuyankhanso. Ena akuti tipeze loya ena akuti maloya amadya ndalama zonse wovulala nkutsala ndi nyenyeswa. Zoona zake ndi ziti? Komanso ineyo ndili folomu 4, zimenezi zandipatsa mtima wofuna kudzaphunzira zamalamulo, njira yake ndi yotani?

Bambo a Tadala
Pepani chemwali. Choyamba musachite kanthu musanatenge lipoti la apolisi a traffic, limene limalemba nambala ya galimoto, dzina la dalaivala ndi kampani ya inshuwalansi. Chachiwiri lipoti la kuchipatala, adokotala amalemba mmene munthu wavulalira ndi mapelesenti a kulumala kwake. Malisiti onse sungani ngakhale a panado ngakhale a ndodo zoyenderazo, chifukwa ndalama imene mwawononga kale khothi limafuna umboni wa pepala osati pakamwa. Ine ndinataya malisiti nthawi yanga ndipo zinandipweteka kwambiri.

Loya wa ku Area 3
Ndakhala ndikugwira milandu ya ngozi zaka zingapo ndiye ndifotokoze pang'ono. Mlandu woterewu mutu wake ndi kusasamala. Muyenera kuonetsa kuti dalaivala anali ndi udindo wosamala anthu ena pamsewu, sanasamale, ndipo kusasamalako ndi kumene kwathyola mwendo wa achimwene anuwo. Ngati nawonso anadumpha msewu osayang'ana, mlandu sufa ayi koma khothi limatha kuchepetsa chipukuta misozi molingana ndi mbali yawo ya kulakwa, ndiye loya wanu muuzeni chilungamo chonse asakadzidzimukire kukhothi.

Mwini minibasi kuzimitsa foni kusakuopseni. Lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi ya third party, yolipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza, ndipo kampani ya inshuwalansiyo imasumiridwa limodzi ndi dalaivala ndi mwini galimoto. Kungoti ndalama zimene inshuwalansi imalipira zimakhala ndi malire, zikapyola pamenepo zotsalazo amalipira mwini wake. Chimene chimandimvetsa chisoni ndi anthu ogundidwa ndi njinga za kabaza zopanda mapepala, mlandu timawina koma ndalama osaoneka.

Khothi limawerengera ululu umene munthu wamva, zinthu zimene sangathenso kuchita monga kale, zipsera kapena kupunduka, ndi ndalama zimene akanapeza akanakhala akugwira ntchito. Kwa kalipentala mbali yomalizayi ndi yaikulu, ngati ali ndi kabuku kolemba maoda a mipando ndi zitseko kasungeni bwino kwambiri. Ndipo nthawi musaseweretse, Limitation Act imapereka zaka 3 zokha pa milandu ya kuvulala, koma musadikire zimenezo, mboni zimasamuka, ena amaiwala.

Za kudyeredwazo sindikana, zimachitika ndipo zimatichititsa manyazi. Gwirizanani za malipiro pa pepala musanayambe, funsani makope a makalata onse ochokera ku inshuwalansi kuti mudziwe ndalama yeniyeni imene yatuluka. Pewani madobadoba amene amazungulira m'mawodi kufunafuna ovulala. Loya akakuzembani kadandauleni ku Malawi Law Society, bungwe la maloya. Ngati ndalama palibiretu pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka.

Nachisale wa ku Bangwe
Zikomo kwambiri achimwene, kabukuko kalipo ndakapeza mu thumba la zida. Nanga za sukulu zija?

Chisomo wa ku Chirunga
Ndiyankheko ine ndili chaka chachitatu cha law ku UNIMA kuno ku Zomba. Limbikira Chingerezi mng'ono wanga chifukwa kuwerenga kwake sikwamasewera, milandu yambirimbiri ina ya ku England ya kalekale. Digiri ndi ya zaka 4, ndipo kuti uyambe kuimira anthu uyenera kulandiridwa kaye ndi High Court nkukhala ndi laisensi imene imakonzedwanso chaka chilichonse. Mlandu wa achimwene akowo maziko ake udzawapeza mu Donoghue v Stevenson wa 1932, mayi wina ku Paisley ku Scotland anamwa chakumwa cha m'botolo chomwe akuti munali nkhono yowola, nkudwala, ndiye makhothi anagamula kuti wopanga chinthu ali ndi udindo wosamala munthu amene sanamuonepo nkomwe. Tsiku limene tinaphunzira zimenezi ndinakumbuka agogo anga amene anagwa pa lole ya ku esiteti osalandira kanthu chifukwa panalibe wowauza.

Loya wa ku Area 3
Chisomo wanena zoona. Ndiwonjezere kuti ntchitoyi si kuvala mkanjo nkumayankhula Chingerezi kukhothi kokha ayi, masiku ambiri ndi kulemba makalata, kudikira mafailo ku registry, ofesi yosunga mafailo a kukhothi, kukambirana ndi a inshuwalansi, ndi kukhala pansi ndi munthu wodulidwa mkono kumufunsa mafunso owawa. Nachisale, mawa lomwe pitani ku polisi kukatenga lipoti lija, ndipo achimwene anuwo asasaine pepala lililonse la inshuwalansi kapena la mwini minibasi loya asanaliwerenge.