Kompresa yakale yodzazira masilinda: masipeya ndi malire a presha

Funso la Wosambira wa ku Katoto

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo makina a mpweya wa presha yaikulu. Malume anga, amene kale ankaperekeza alendo osambira pansi pa nyanja ku Nkhata Bay, andisiyira kompresa yodzazira masilinda a mpweya wopuma pansi pa madzi, yopangidwa ndi kampani ya Bauer, ya mtundu wa Capitano, ndipo pano ili m'galaja kwathu. Ili ndi magawo atatu opanikiza mpweya, ndipo pa valavu yotetezera panalembedwa 225 bar (bar ndi muyezo wa presha). Ikayaka imakwera bwinobwino mpaka 180 bar, kenaka muvi wa geji umayamba kukwawa, pamene mutu wa gawo lachitatu umatentha kwambiri moti penti yake yayamba kumatuka. Kodi masipeya a makina akale chotere akupezekabe? Komanso, popeza ndagula masilinda awiri a 300 bar, kodi ndingamange valavu ija kuti makinawa azifika pamenepo?

Yankho la Makaniko wa ku Luwinga

Achimwene, ndiyamba ndi funso lachiwiri chifukwa ndi limene lingakuchotsereni moyo. Valavu imeneyo musaigwire. Ndi zoona kuti makina amenewa ankatuluka kufakitale m'mitundu iwiri, ena a 225 bar odzazira masilinda a 200 bar ndi ena a 330 bar odzazira masilinda a 300 bar, koma kusiyana kwake sikuthera pa valavu yokha. Chitini cha fyuluta, kabotolo kolekanitsa madzi ndi oyilo, mapaipi odzazira ndi geji, chilichonse chili ndi malire ake amene anadindidwa pathupi pake, ndipo malire a makina onse ndi a chipangizo chimene chili ndi nambala yotsika kuposa zinzake. Pukutani dothi muwerenge chimodzichimodzi.

Dziwaninso kuti zitini za aluminiyamu zimatopa. Nthawi iliyonse imene presha yakwera n'kutsika, chitsulo chimafufuma ndi kubwerera, n'chifukwa chake opanga amaika chiwerengero cha maulendo amene chitini chingapirire chisanatayidwe. Ngati malume sanasiye buku lolembamo maola, chitinicho muchitenge ngati chokalamba, ndipo kuchikakamiza kufika 300 bar n'kuputa ngozi dala.

Za kukwawa kwa muvi, ine ndikukayikira mavalavu a gawo lachitatu. Akadzala mwaye wa oyilo wopsa satseka bwino, mpweya wotentha umabwerera m'mbuyo n'kupanikizidwanso, ndiye mutu umapsa koma silinda osadzaza. Musanamasule kalikonse, pakani madzi a sopo m'malo onse olumikizira kuti muone ngati patuluke thovu.

Yankho la Mlangizi wa osambira wa ku Chibanja

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Luwinga. Silinda ya 300 bar mukhoza kuidzaza mpaka 200 bar popanda vuto, kungoti mpweya wake ukhala wochepa. Chimene mukumane nacho ndi cholumikizira, chifukwa pa valavu ya silinda ya mtundu wa DIN (yomangira ndi mazinga) ya 300 bar mazinga amakhala 7 pamene pa ya 200 bar amakhala 5, choncho cholumikizira chachifupi sichifika pansi ndipo mpweya umathawa. Anachita zimenezi mwadala kuti anthu asamasokoneze masilinda.

Masipeya akupezeka, koma osati m'mashopu a muno mu Mzuzu. Kampani ya Bauer ikugwirabe ntchito ku Munich, ku Germany, ndipo ili ndi ogulitsa ku South Africa. Ine anga ndimaitanitsa ku Johannesburg, ndipo chimene chimandichedwetsa ndi kupeza ndalama zakunja ndi kulipira msonkho wa MRA, osati kusowa kwa katundu. Poitanitsa musangotchula dzina lakuti Capitano, chifukwa makina a dzina limodzi ankasinthidwa m'kati mwake zaka zikamapita. Jambulani kachitsulo kamene kali ndi nambala ndi chaka chimene anapangidwa, mutumize chithunzicho. Pisitoni ya gawo lomaliza muigule pamodzi ndi kachubu kamene imayendamo, popeza ziwirizi zimayezedwa pamodzi.

Chonde musasulitse chipangizo cha presha yaikulu kwa osula zitsulo, ngakhale akhale aluso chotani. Lamba, mabering'i ndi mota mukhoza kugula kuno. Ine ndinaikapo kamphira kozungulira kamene ndinagula pa shopu ina ya masipeya a galimoto, kofanana ndendende kukula kwake, koma pa 190 bar kanaphulika ngati mfuti ndipo nditamasula ndinapeza katafinyikira mumpata ngati phala. Mphira wake unali wofewa kwambiri.

Yankho la Namwino wa ku Zolozolo

Mwana wanga, popeza mpweyawo anthu azipuma ali pansi pa madzi, musaiwale fyuluta. Makala ndi timibulu toyamwa chinyezi zimene zakhala m'menemo zaka zonsezi zinatha ntchito kalekale. Ngati makinawo amayendera injini ya petulo, paipi yokokera mpweya ikhale kutali ndi utsi, kumbali imene mphepo ikuchokera, chifukwa mpweya wapoizoni wa mu utsi wotchedwa carbon monoxide sununkha, ndipo muyezo wa ku Ulaya wa EN 12021 sulola kuti upitirire 5 ppm (magawo 5 pa miliyoni) mu mpweya wopuma. Oyilo akhale wa kompresa ya mpweya wopuma, osati wa galimoto.

Makaniko wa ku Luwinga akuwonjezera

Ndinaiwala chinthu china. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 pamene nyanja siifika pa mamita 500, choncho mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo makina omwewo amadzaza mochedwerako kusiyana ndi mmene ankachitira kwa malume anu. Kuchedwa pang'ono kusakudetseni nkhawa, koma kutentha kwa mutu kuja si kwa phiri ayi. Ndipo ndi chinyezi cha kwathu kuno, muzitsegula timipopi totayira madzi mphindi 10 kapena 15 zilizonse.

Wosambira wa ku Katoto akuyankha

Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi a ku Zolozolo, chifukwa za fyuluta sindinaziganizire n'komwe. Ndaimasula madzulo ano ndipo ndapeza makala ali nyowenyowe, akununkha oyilo. Valavu yotetezera ndaisiya mmene inalili. Bambo a ku Luwinga, ngati mungalole, Loweruka ndibweretsa makinawa pa galimoto kuti tiwerengere limodzi manambala a pa chitini ndisanatumize chithunzi ku Johannesburg.