Laputopu yakale ndiyikemo ChromeOS Flex? Komanso app ya nyimbo yosadya bandulo

wa_ku_Ndirande:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi laputopu yakale yomwe achimwene anandisiyira popita ku Joni, RAM yake 4GB, ukaiyatsa umatha kukatereka madzi a tiyi n'kubwerako isanatseguke. Mnzanga wa ku MUBAS akuti ndifufute zonse ndiyikemo ChromeOS Flex, akuti ndi yaulere komanso imathamanga. Koma ndikumva kuti chilichonse chimakhala pa intaneti, nde ine wogula bandulo ya tsiku ndingaikwanitse? Ndimangofuna yolembera za kusukulu ndi kumverapo nyimbo basi. Chachiwiri, pa foni mukugwiritsa ntchito app yanji ya nyimbo, chifukwa ine data ikumatha ndisanafike n'komwe pa Ginnery Corner.

Fundi_wa_Limbe:
Aise mnzakoyo sananame koma sanakuuze zonse. Flex ndi pulogalamu ya Google yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, inatuluka mu 2022, anaipangira makompyuta akale ngati yakoyo, imafuna RAM 4GB, malo 16GB ndi purosesa ya Intel kapena AMD ya 64-bit. Nde pamenepo uli bho. Komanso Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a Windows 10 pa 14 October 2025, kotero kuganiza zosamuka sikulakwa.

Koma usathamangire kufufuta. Peza fulashi ya 8GB, uikemo Flex, uyatse laputopu kuchokera pa fulashipo, pamabwera kusankha koti ungoyesa kaye osayika. Yesa wifi, yesa sipika, yesa kibodi, mabatani onse a voliyumu ndi kuwala, chifukwa malaputopu ena amayaka bwinobwino koma wifi osaoneka. Ukangodina zoyika imasesa hard disk yonse, zithunzi, nyimbo, ma CV, osatsala kanthu, nde samutsa kaye zako.

Za intaneti anthu amakokomeza. Tsiku loyamba umafunikadi netiweki kuti ulowe ndi akaunti ya Gmail, kenako Google Docs imalemba popanda intaneti bola utayatsa offline mu Drive pasadakhale pamene uli ndi data, osati magetsi atathima netiweki itapita ndiye uzikumbukira. Zomwe walemba zimakakwera zokha ukalumikizanso. Malo aulere ndi 15GB koma amagawana Gmail, Drive ndi Google Photos, ukamaponyamo mavidiyo a ukwati adzadza msanga. Chomwe chimapweteka wa bandulo ndi ma update, amabwera pafupipafupi ndipo ndi akuluakulu, nde ukalumikiza hotspot ya foni samala, ma update uzipangira pomwe pali wifi.

China chomwe mnzako sananene, Flex ilibe Play Store. Ma app a Android sayenda, Word ndi Excel zija zoyika mu kompyuta sizilowa, umagwiritsa za pa browser.

Nachisale_BT:
Ine ndiyankhe za nyimbo achimwene, za malaputopu ndawasiyira a Fundi kkkk. Vuto si app kwenikweni, ndi kumvera pa intaneti nyimbo imodzimodzi kakhumi, ulendo uliwonse ukulipira. Spotify inafika kuno mu 2021, ukaisiya pa Normal ndi 96 kbps, pa ola imadya pafupifupi 43MB, pa High 160 kbps ndi cha m'ma 72MB, nde werengani nokha Ndirande kupita m'tauni m'mawa ndi madzulo mwezi wonse. Lowani mu settings muyatse Data Saver, muzimitsenso timavidiyo tija timazungulirazungulira kuseri kwa nyimbo, amati Canvas. Kudawuniloda nyimbo pa Spotify n'kwa olipira Premium okha, ndipo foni imayenera kulowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30 apo ayi nyimbo zija zimachoka.

Ine ndimakonda Audiomack chifukwa nyimbo zambiri umasunga ulele n'kumamvera data itazima, oimba akwathu achinyamata ambiri amaponyanso kumeneko. Boomplay nayo ndi yabwino, ngati foni yanu ndi Tecno, Itel kapena Infinix mwina ilimo kale chifukwa ndi a banja limodzi. Dawunilodani usiku ndi bandulo ya usiku, m'mawa muzimitse data, mahedifoni m'makutu, mwakwera minibasi basi.

DJ_wa_Chilomoni:
Ine zoti chilichonse chizikhala pa intaneti ndi mu ma app sindigwirizana nazo kwenikweni man. Nyimbo zomwe wasunga mu app si zako, sungazitumize pa Bluetooth kapena Xender, sungaziike pa fulashi kuti ukampatse dalaivala aziika mu minibasi, zimaseweredwa mu app momwemo basi. Pa chinkhoswe ku Machinjiri netiweki ikavuta anthu akufuna kufupa uwauza chani? Ine ma mp3 anga ali pa hard disk ndi memory card. Ndipo ngati umalota zodzasakaniza nyimbo iwalako Flex, VirtualDJ siyikika mmenemo. Kuli bwino uyese Linux Mint ya Xfce, nayonso imalowa m'malo mwa Windows ndipo ndi yaulere, imapepuka, LibreOffice yolembera ngati Word imabweramo kale, ukawonjezera VLC wamaliza, intaneti ikhalepo isakhalepo.

wa_ku_Ndirande:
Zikomo kwambiri nonse, a Nachisale Canvas ija ndazimitsa pompano. A Fundi nanga nditangogula Chromebook yeniyeni yakaunjika, laputopu yobwera ndi ChromeOS kale? Ndimaziona zotchipa m'mashopu ena. Imeneyo Play Store ilimo eti?

Fundi_wa_Limbe:
Eya zambiri ilimo, Audiomack ndi Boomplay ungaike momwemo. Koma zakaunjikazo zambiri zinachokera m'masukulu a kunja, ena amazigulitsa asanazichotse m'kaundula wa sukuluyo. Ukaiyatsa imalemba kuti ikuyang'aniridwa ndi bungwe lakutilakuti ndipo Gmail yako imakanidwa, ngakhale upange Powerwash, kufufuta zonse kuti iyambirenso, imabwereranso pomwepo, angaimasule ndi eni sukuluwo okha. Nde usapereke ndalama usanalowe ndi akaunti yako mu shopu momwemo wogulitsa akuona. Ukalowa pita pa About ChromeOS uone tsiku lomwe ma update ake adzathe, chifukwa Chromebook iliyonse ili ndi malire ake ndipo zina zotchipazo tsikulo linadutsa kale. Yamba wayesa fulashi ija pa laputopu ya achimwene, utiuze ngati wifi yagwira.