Sukulu ya mkaka ya boma ilipo kuno ku Zomba?

Mlendo wa ku Matawale:
Moni nonse. Bambo a kunyumba awasamutsa kuntchito kuchokera ku Mzuzu, ndiye tafika ku Matawale mwezi wathawu. Mtsikana wanga ali ndi zaka 4, Chichewa amangomva pang'ono, pakamwa ndi Chitumbuka chokhachokha. Kodi boma lili ndi sukulu ya mkaka kuno? Zapulaiveti ndaonako ziwiri, koma fizi, yunifomu ndi kabasi komutenga, malipiro onse athera pompo. Komanso sindikufuna anzake azikamuseka kalankhulidwe.

Mphunzitsi wopuma, Sadzi:
Takulandirani mayi. Pulaimale ndi yaulere kuyambira 1994, koma imeneyo mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Kwa msinkhu wa wanuyo kuli sukulu za mmera mpoyamba, ma CBCC aja. Amayendetsa ndi makolo ndi komiti ya m'dera, ndipo alezi ambiri ndi ongodzipereka. Amaziyang'anira ndi a Social Welfare, osati a zamaphunziro, ndiye kafunseni kumeneko akuuzeni yapafupi.

Make mapasa, Chinamwali:
Anga awiri ali ku CBCC, amaphunzirira m'chipinda cha tchalitchi koma theka la ana ndi Achisilamu, masana amapita ku madrasa. Za kusekedwa musade nazo nkhawa achemwali. Muli Ayao, Alomwe, ana a apolisi, ana a asilikali a ku Cobbe Barracks ochokera zigawo zonse. Anga anabwera tsiku lina akundipatsa moni wa Chiyao uja wa "ajimwiche uli", agogo awo anaseka mpaka misozi. Wanuyo pofika Khirisimasi adzakhala akukalipira anzake m'Chichewa, iwo akuyankha "yewo".

Koma ndisakunamizeni. Timasonkha ufa, shuga ndi nkhuni, phala timaphika mosinthana, ndiye tsiku lanu likafika geni mwaisiya. Mlezi akapita kumaliro, ana abwerera. Zidole ndi zoumba ndi dothi komanso zitsekerero za mabotolo. Ine sizindivuta, kuwerenga akudziwa ndi zomwezo.

Bambo wa ku Mulunguzi:
Wanga ndinamuika kupulaiveti chifukwa tonse timaweruka 5 koloko, pomwe ku CBCC ana amakhala atabalalika dzuwa lisanafike paliwombo. Kumenekonso mitundu ilipo, ana a aphunzitsi a ku yunivesite ku Chirunga ndi ochokera konsekonse, kungoti onse amawalankhulitsa Chizungu.

Mlendo wa ku Matawale:
Zikomo nonse. Ine ndimakhala pakhomo, kuphika phala si nkhani. Make mapasa, kodi amalandira pakati pa teremu, kapena ndidikire Januwale?